Wopambana Sachoka Pampando

Mwera unaomba masiku atatu osapuma, ndipo asodzi a ku Nkhotakota anakokera mabwato awo pamchenga. Kale masiku otero ndiwo ankadzaza chipinda cha Nasiru, kuseri kwa msika wa paboma. Msodzi wosowa chochita ankalowa, kudikira pabenchi mpaka mpata wake ufike, kumenyana ndi mnzake pa gemu ya nkhonya ya pa TV, n'kutuluka akuseka ngakhale atagonja. Koma m'mawa wa Lachiwiri limenelo mabenchi onse atatu analibe munthu. M'chipindamo munali Nasiru mwini malo, ndi Kalilu, amene anakhala pampando wa wopambana ngati anabadwira pomwepo.

Gemuyo inabwera ndi matipate, ulamuliro wa zipani zambiri. Katundu wa ku Tanzania atayamba kusefukira pamsika, Nasiru anagula TV, kabokosi ka gemu ndi ziwongolero ziwiri za zingwe zazitali. Kaseti imene anayamba nayo, yomwe anthu ankangoitcha Yoyamba, inali ya aliyense: batani la nkhonya, batani la theche, basi. Yachiwiri inawonjezera anthu omenyana. Yachitatu ndiyo inabwera ndi mavuto, chifukwa inali ndi zinsinsi. Wodziwa kudina mabatani asanu motsatana ankatulutsa moto m'manja mwa munthu wake, ndipo wosadziwa ankapsa asanaponye n'komwe nkhonya. M'boma monse wodziwa zinsinsi zonse anali Kalilu yekha.

Pakhoma panali lamulo lolembedwa ndi choko, WOPAMBANA SACHOKA PAMPANDO, ndipo analemba ndi Nasiru yemwe pa tsiku lotsegulira. Tsopano ankaliyang'ana lamulolo ngati munthu woyang'ana dzino lomuwawa. Kulifufuta sakanatha, pakuti Kalilu anali mchimwene wake wa Madina, mtsikana amene Nasiru ankamukonda mpaka kuiwala kudya. Bambo awo anali atamwalira, choncho womupereka Madina pa ndowa, ukwati wa kumzikiti, anali Kalilu yemweyo.

"Asalamu aleikumu, eni gemu!" Anali Yasini, msodzi wa ku Liwaladzi, atasuzumira pakhomo.

"Waaleikumu salamu, a Yasini. Lowani, malo alipo," anatero Nasiru akudzambatuka.

Yasini anamuona Kalilu, nkhope n'kugwa. "Aa, adakalipo awa? Chabwino, tiyeseko kamodzi."

Sikanatha n'komwe kamodziko. Yasini akufunsabe kuti munthu wake ndi uti, munthu wakeyo anali atagona chagada, akufuka utsi. Anaika chiwongolero pansi mwaulemu ngati chinthu chobwereka.

"Yoyamba ija munaitaya kuti? Ija ndinkakuntha nayo anthu ine."

"Yoyamba ndi ya makanda," anayankha Kalilu osacheuka. "Munthu kumangodina mabatani ngati akupha nsikidzi, kenako akuti wapambana. Phunzirani, akulu."

"Ndiphunzire? Nanga kuno ndimadzalemba mayeso? Ine ndimabwera kudzaseka mphepo ikanditsekera nyanja. Kuli bwino ndikaonerere bawo, kumene kuja munthu amagonja pang'onopang'ono."

Atatuluka, Kalilu anapukusa mutu. "Asiye azipita, Nasiru. Gemu ndi ya anthu amene anaipirira. Ine ndinayamba ndi Yoyamba, zala izi zinatuluka matuza pa Yachiwiri. Ndiye lero munthu wongobwera pa mwera afanane nane? Ukaipeputsa, ife eni ake tidzaisiya."

"Zoona, achimwene," anatero Nasiru. Mumtima ankafunsa kuti eni akewo ndi angati, poti iye ankaonapo mmodzi.

* * *

Pa swala ya masana kumzikiti Nasiru ankakhala mzere wakumbuyo, ndipo ankatuluka woyamba, nsapato akuvalira panjira. Anthu ankati mnyamatayo ndi wokonda ntchito. Zoona zake zinali zakuti Kalilu akachoka kumzikiti ankapita kunyumba kukadya, n'kugonako pang'ono, ndipo ola limenelo linali la Nasiru ndi Madina.

Chipinda cha gemu ndi chipinda cha telala chimene Madina ankasokeramo kale zinali sitolo imodzi, ndipo pakhoma la pakati panatsala kazenera koperekera katundu, kotchinga ndi kansalu. Pamenepo ndi pamene chikondi chawo chinkadutsira. Madina ankalemba mauthenga ndi choko cha telala pa zidutswa za nsalu za zipani zimene ankasoka, lero chachikasu, mawa chobiriwira, n'kuziponya pakazenerako. Ndipo masana aliwonse, kwa zaka ziwiri, Nasiru ankaika chiwongolero chachiwiri pakazenerako, Madina n'kuchikokera mbali yake. Sankaonetsa nkhope. Ankakhala pansi pa kazenerako atatsamira khoma, n'kumaona TV kudzera pa galasi loyeserera zovala limene analipendeketsa mwadala. Palibe wina ankadziwa.

Tsiku limenelo chiwongolerocho chinakhala pomwepo osakokedwa.

"Wadwala kodi?" anafunsa Nasiru chapansipansi.

"Ndili bwino. A Usman anabwera kunyumba dzulo."

Nasiru ankamudziwa bwino munthuyo. Usman anali mwini minibasi yoyenda pakati pa boma ndi Salima, mnzake wa Kalilu wa ponda apa nane m'pondepo, munthu wovala wotchi yoti aliyense aione.

"Anadzatani?"

"Mukuganiza kuti anadzayesa thalauza? Anabwera ndi thumba la mpunga. Amayi aseka mpaka dzino lakumapeto kuoneka. Achimwene anawauza a Usmanwo kuti adikire, poti amalume anu anapempha kale kubwera Loweruka kudzandifunsira ukwati." Anapumira kaye. "Koma a Nasiru, amalume anuwo akakafunsidwa kuti mwana wanu amadya chiyani, akayankha kuti chiyani? Ine mabenchi anu ndimawaona pagalasi pano. Ngakhale ntchentche zinasiya kubwera."

"Ndi nyengo chabe."

"Nyengo yake ndi ino, mwera uli pakati. Anthu sanathawe gemu, athawa achimwene ndi Yachitatu yawoyo. Munthu wogonja mosekerera amabweranso mawa. Koma wogonja osadziwa chamumenya amapita ndi manyazi, ndipo manyazi sabwerera pakhomo pomwe anawatola. Ine ndemwe, mukanandiyambitsa ndi Yachitatu, bwenzi nditabweza chiwongolero chanu tsiku lomwelo."

"Koma pano Yachitatu ukuitha, mpaka kundimenya ine."

"Kukumenyani inu ndi nkhani? Ndimaitha chifukwa munandisiya ndikusangalala kaye ndi Yoyamba chaka chathunthu. Fufutani lamulo lija."

"Ndikafufuta, achimwene ako akwiya. Akakwiya, Loweruka kulibe."

"Mukapanda kufufuta, chipinda chifa. Chikafa, Loweruka lomwelo kulibenso." Mawu ake anafewa. "Ine mpunga wa a Usman sindikuufuna, a Nasiru. Ndikufuna inu. Koma ndikufuna inu woimirira, osati wogwadira mpando umene munagula nokha."

Mawuwo anamulasa, chifukwa anali oona. Makina osokera anayambanso kulira mbali inayo, ndipo tsiku limenelo sanasewere.

* * *

Lachitatu Nasiru anapita kwa amalume ake, a Alufandika, amene anavomera kukhala ankhoswe ake. Anawapeza pakhonde pawo pamene amuna a m'deralo ankasonkhana pa bawo. Mabawo anali awiri. Pa lalikulu, la mlombwa, panali akuluakulu awiri ali duu, akuwerengera njira mumtima. Pa laling'ono, long'ambika pakona, panali phokoso ndi kuseka, ndipo Yasini anali komweko, akutsutsana ndi mnzake.

"Wabwera kudzandikumbutsa za Loweruka? Mkanjo ndachapitsa kale," anatero a Alufandika. "Koma ndiuze, ndikanene kuti ntchito yako ndi yotani? Ndikati amasungira mlamu wake mpando?"

Nasiru anawafotokozera zonse, kupatula za kazenera. Amalumewo anamvetsera akutokosa m'mano.

"Ukuona mabawo awa? Lalikululi ndi la malamulo onse, la nyumba ndi zina zotero. Wosadziwa akakhalapo timamudya osamusiyira kanthu. Laling'onolo n'lopepuka, aliyense amalowa. Onse amene ukuwaona pa lalikulu anachokera pa laling'ono. Nditati ndiwotche laling'onolo lero, pakatha zaka zisanu ndizisewera ndekha ndi mbuzi."

"Koma a Kalilu sangamve zimenezo, amalume."

"Kalilu sakulakwa kukonda chovuta. Akulakwa kutsekera anzake pakhomo. Ine apongozi anga, Mulungu awachitire chifundo, ndinkawagonjera dala pa bawo zaka ziwiri kuti andipatse azakhali ako. Mkazi anandipatsa, koma mpaka kumwalira kwawo ankandituma ngati kamwana. Usayambe zimene sudzatha kusiya."

Nasiru anabwerera mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba pa miyezi ingapo. Pochoka anamuuza Yasini kuti mawa m'mawa Yoyamba ibwerera, ndipo auze anzake.

* * *

Lachinayi mwera unali usanaleke, ndipo uthenga wa Yasini unayenda gombe lonse. Pofika teni koloko mabenchi anali odzaza, ena ataimirira pakhomo. Yoyamba inali m'kabokosi, anthu akukuwa ndi kutukwanizana mwa chibwana ngati kale. Pakhoma, pansi pa lamulo lakale, Nasiru anali atalemba kuti m'mawa ndi wa Yoyamba, masana ndi a Yachitatu, ndipo wopambana katatu aimirire. Lamulo lakalelo anali asanalifufute. Dzanja linakana.

Kalilu analowa ndi Usman pambuyo pake. Phokoso linazima. Wokhala pampando wa wopambana anaimirira yekha osauzidwa.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Kalilu ataloza khoma.

"Achimwene, ndati anthu onse apezeko mpata. Masana onse ndi anu, Yachitatu ili pomwepo."

Usman anaseka akukonza wotchi yake. "Ndinakuuza, Kalilu. Munthu asanapatsidwe n'komwe mlongo wako, wayamba kale kukuchotsa pampando. Nanga akadzapatsidwa? Tiye, TV ndikakugulira ine, uzisewerera kunyumba."

Kalilu anangolunjika kutsogolo. Anakhala pampando uja, n'kutulutsa Yoyamba, n'kulowetsa Yachitatu. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa Nasiru.

"Lamulo ilo unalemba wekha, ndipo ine ndalisunga chaka chathunthu osagonja. Sindinabe mpandowu. Ukufuna lisinthe? Andichotse munthu. Aliyense. Akandigonjetsa pa Yachitatu, ndiimirira, ufufute ndi dzanja lako."

Asodzi anayang'ana pansi. Nasiru anadziwa kuti palibe wina, ndiye anatenga chiwongolero chachiwiri. Anayesetsa, tisamunamizire. Chigawo choyamba anapirira mpaka pakati. Chachiwiri Kalilu anamuotcha ndi moto katatu motsatizana, Usman akuwomba m'manja.

"Wina?" anafunsa Kalilu.

Nasiru anaimirira mutu uli zweee ndi manyazi. Ndipo apa ndi pamene dzanja lake linamupereka. Kwa zaka ziwiri, masana aliwonse, dzanjalo linkadziwa malo amodzi oika chiwongolero chachiwiri. Osaganiza n'komwe, anachiika pakazenera paja.

Makina osokera analeka kulira. Kansalu kanagwedezeka pang'ono, chiwongolero n'kulowa.

Anthu onse maso anali pa TV, kumene kachizindikiro kosankhira munthu kanayamba kuyenda kokha. Kanadutsa ziphona zonse za minofu n'kukaima pa kankhalamba ka ndodo, kamene palibe ankakasankha chifukwa kanalibe moto.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Kalilu akuyang'ana m'mabenchi, koma gemu inali itayamba kale, ndipo munthu wa mtima wa Kalilu sakanachotsa maso.

Nasiru anafuna kukoka chingwe, koma anali atachedwa. Kankhalamba sikanathamangire kutsogolo. Kanangoima, kutchinga, kudikira. Kalilu akayamba kudina mabatani ake asanu, kankhalambako kankawerama n'kumukola mwendo ndi ndodo asanafike pa batani lachinayi. Kutchinga, kudikira, kukola mwendo. Palibe chinsinsi ngakhale chimodzi, mabatani awiri okha, omwe aja a mu Yoyamba. Chiphona cha Kalilu chinagwa, ndipo Yasini anakuwa mpaka chipewa kugwa.

"Agogo! Agogo amenya munthu!"

Chigawo chachiwiri Kalilu anachitenga movutikira, thukuta lili kamukamu. Chachitatu anthu anayamba kumuseka, ndipo wosewera kuseri kwa khoma ankadziwa bwino, monga wokulira naye nyumba imodzi, kuti Kalilu akasekedwa amapupuluma. Kalilu anadumpha mosaganiza, ndodo inamupeza m'mwamba, n'kugwa osadzukanso.

Chipinda chinaphulika. Asodzi anakumbatirana, ena anatuluka kukaitana anzawo. Nasiru anaona chipinda chake chili moyo monga ankachilotera, koma chimwemwe sichinamufike pamtima, chifukwa maso a Kalilu anali atachoka pa TV. Anali pa chingwe. Anachitsata kuchokera pakabokosi, kudutsa pansi, kukwera khoma, mpaka pakazenera. Anaimirira, n'kupita kukakankha kansalu kaja ndi chala chimodzi. Pagalasi lopendekeka mbali inayo munali nkhope ya mlongo wake, chiwongolero chili m'manja.

Phokoso linatha pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali pafupi.

"Madina," anatero Kalilu.

"Wawa, achimwene."

"Munthu saphunzira kumenya chonchi tsiku limodzi. Chingwe ichi chayamba liti kudutsa pano?"

Nasiru analowererapo. "Achimwene, wolakwa ndine. Iyeyu..."

"Sindikufunsa iwe."

"Zaka ziwiri," anayankha Madina, mawu osanjenjemera. "Masana okhaokha, khoma lili pakati. Palibe china chinachitika, Mulungu ndi mboni. Munati aliyense, achimwene."

Usman anatsokomola mokweza kuti anthu amve. "Zaka ziwiri! Ife timati mwana akusoka."

Kalilu anatseka kansalu kaja modekha. Nkhope yake inalibe ukali, inali ya munthu wopwetekedwa, ndipo Nasiru anamumvera chisoni ngakhale ankamuopa.

"Ndinati aliyense, zoona. Ndagonja, ndipo mpando ndauchoka. Fufuta lamulo lako." Anadikira mpaka Nasiru atafufuta ndi chikhatho, choko chili mbuu m'manja. "Kugonja sikukundiwawa kwambiri, Nasiru. Ine tsiku lililonse ndinkakhala pano, msana nditaulozetsa kazenerako, ndikukutcha mphwanga. Ndikapita kukadya, iwe n'kumaseka ndi mlongo wanga kumbuyo kwanga. Ukanandiuza. Uwauze amalume ako asavutike ndi Loweruka."

Anatuluka, Usman akumutsatira, ndipo pakhomo Usmanyo anacheuka n'kumwetulira.

* * *

Masana Nasiru anathamanga kuchokera kumzikiti monga mwa masiku onse, koma anapeza mmisiri akukhoma thabwa pakazenera, mbali ya telala. Chitseko cha telalayo chinali chokhoma ndi loko. Misomali inayi, ntchito n'kutha, mmisiri n'kunyamula hamala yake.

Chiwongolero chachiwiri anachipeza pakhomo pa chipinda chake, chingwe chitakulungidwa bwinobwino monga amakulungira tepi atelala. Pakati pa chingwecho panamangidwa kachidutswa ka nsalu yachikasu. Anakamasula mofulumira. Choko chinali chitafufutika pang'ono, koma zilembo ankazidziwa.

"Pepani, ndinalephera kupirira atakusekani. Anditumiza kwa azakhali ku Mwadzama mpaka nkhani itatha. Ndinyamuka mawa kukacha. Achimwene akuti ndikwere minibasi ya a Usman, mpando wakutsogolo."

Nasiru anawerenga kawiri. Kumbuyo kwake asodzi anali atayamba kale kulowa, akukankhana pamabenchi, ena atabwera ndi anzawo amene anali asanagwirepo chiwongolero chibadwire. Yasini anadziponya pampando wa wopambana, n'kuugwedeza kuti aumve kukoma kwake.

"Eni gemu, mwaima bwanji ngati mwaona njoka? Ikani Yoyamba! Taonani anthu, chipinda chadzaza ngati kale. Si zimene mumafuna?"

"Ndi zomwezo," anatero Nasiru.

Analowetsa kaseti, n'kupereka chiwongolero chachiwiri kwa munthu amene sankamudziwa n'komwe dzina. Kenako anakaima pafupi ndi thabwa lija, kachidutswa kali m'manja, akumvetsera ngati makina angalire mbali inayo. Sanalire.